Asanakujambuleni mawu, yambani ndinu kufunsa

Uthengawo unabwera Lachinayi usiku pakati pa mwezi wa July, nthawi imene kuno ku Dubai ngakhale mdima ugwe, mphepo imakhalabe ngati ikutuluka mu uvuni wa njerwa. Mnyamata wathu wina wa ku Mangochi, amene amaweta mbuzi ndi kusamala mitengo ya tende pa famu ina cha ku Al Awir, anatumiza mawu pa WhatsApp akupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu.

"Madala, ndatchuka! Mayi wina wa ku Joni akufuna ndikayankhule pa podcast yake. Akuti tiyambe tacheza kaye pa foni kwa mphindi 20 Lamulungu lino. Ndivale chiyani?"

Tinaseka ndithu, koma usiku umenewo tulo tinavuta. Dzina la mnyamatayu sititchula, la famu yake ayinso, ndipo mukamawerenga muona chifukwa chake.

Kwa inu amene simunaimvepo, podcast ndi pulogalamu yocheza ndi munthu, ngati Tiuzeni Zoona ya pa Zodiak, kungoti siidutsa pa wailesi. Mwini wake amangofunika foni, maikolofoni ndi intaneti, n'kuiika pa YouTube, Spotify kapena Facebook. Kuno eni dziko amazikonda kwambiri moti Dubai Press Club imachititsa msonkhano wa anthu a mapulogalamu otere, wotchedwa Dubai PodFest, kuyambira mu 2021. Ife oweta mbuzi sitiitanidwako, koma mafoni tili nawo. Kusiyana kwake ndi wailesi n'kwakuti mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo, pamene awa amakhala. Zaka zisanu zikhoza kudutsa, munthu n'kuwapezabe, n'kutumizira mnzake, mnzakeyo n'kutumizira bwana wanu.

Mayi wa ku Johannesburg uja anamudziwa bwanji mnyamata wa mbuzi? M'mwezi wa May, mnyamatayu anajambula mawu a mphindi zinayi kuchenjeza mng'ono wake amene amafuna kugulitsa njinga yamoto ya kabaza kuti naye abwere kuno. Anamufotokozera momwe ejenti wina wa ku Lilongwe anamulonjezera ntchito yolongedza katundu mu sitolo yaikulu pa malipiro a ma dirham 1,800, momwe banja linagulitsira dimba n'kutenganso katapila kuti akwanitse K2.5 miliyoni, momwe anadzera ku Addis Ababa n'kutera ku Dubai ndi viza ya mlendo ya masiku 60, imene siilola munthu kugwira ntchito. Pa bwalo la ndege panalibe womuchingamira. Anagona masabata asanu ndi limodzi m'kachipinda ka anthu khumi ku Deira mpaka mnyamata wina wa ku Pakistan anamulozera famu. Mng'ono wakeyo anatumizira mnzake mawuwo, mnzakeyo anaponya m'gulu, ndipo uthenga wa pa WhatsApp paja uli ndi miyendo.

Foni ya ankhoswe

Mayiyo sanalakwe kufuna kucheza naye kaye. Aliyense amene pulogalamu yake ndi yolongosoka amatero. Amafuna amve ngati mawu anu akumveka, ngati netiweki ya kumene muli siidukaduka, ngati mumatha kufotokoza nkhani kuchokera kumutu mpaka kumchira, komanso ngati zimene mukunenazo si zabodza kapena zongomva. Ena amafuna aonenso ngati ndinu munthu wolira msanga kapena wopsa mtima msanga, chifukwa zimenezo zimakoka anthu.

Mnyamata wathu anaitenga foniyi ngati mayeso a Sitandade 8: iye wolemba, mayiyo wochonga. Ndipo ambiri amaitenga choncho, amanena chilichonse kuti asankhidwe. Ife tinamuuza kuti ayi mphwanga, iyi ndi foni ya ankhoswe. Kwathu mwamuna akapeza mbeta, ukwati suyamba tsiku lomwelo. Amayamba akhala pansi ndi amalume a mbali zonse ziwiri, ndipo a kuchikazi nawo amakhala akuyang'ana nsapato za mkamwini. Pa foni yoyambayi, mayiyo akusankha mlendo, iwenso ukusankha nyumba yoti ukasiyemo mawu ako. Ukangolowa m'chipinda chojambulira, zokambirana zatha.

Tisanapitirire, tinene kuti ndife yani. Kuno ku United Arab Emirates mabungwe a anthu apantchito saloledwa, sitiraka ndi mlandu. Ndiye ife si yuniyoni. Ndife anthu a m'mafamu a ku Al Awir, Al Khawaneej, Lahbab mpaka ku Hatta kumapiri, a Malawi ndi anzathu angapo a ku Chipata ndi ku Tete, amene timasonkha kandalama mwezi ndi mwezi kuti wina akadwala kapena akamwalira tisasowe pogwira. Ena mwa ife tinayambira pa maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, kusonkhanitsa matenanti pansi pa mtengo zipani zambiri zitangobwera mu 1994. Sukulu tinalekezera kupulayimale, koma nkhani ya atolankhani tinaiphunzira ndi misozi.

Chaka china pa esiteti ina ku Kasungu kunabwera mtolankhani ndi kamera. Anali munthu wabwino, anadya nafe nsima ya mgaiwa. Mayi wina anamufotokozera za ngongole ya chimanga ndi feteleza imene inkadya malipiro onse a chaka. Zonse zinali zoona. Chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala, mayiyo ataima kutsogolo kwa chigafa, kumbuyo kukuoneka chikwangwani cha esitetiyo. Sabata isanathe, banja lonse linakwezedwa pa thirakitala n'kukatulidwa pa msewu, fodya ali m'chigafa asanagulitsidwe. Mtolankhani analandira mayamiko. Ife amene tinamulozera khomo la mayiyo sitinafunse funso ngakhale limodzi. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma nkhope ya mayi uja pa thirakitala sinachoke m'maso mwathu.

Ndiye mwina mukuganiza kuti tinamuletsa mnyamatayo. Ayi. Kukhala chete nakonso kwapha anthu. Mu March 2024, BBC Africa Eye inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakodwa ku Oman, akugwira ntchito zam'nyumba ngati akapolo, ndipo ena anachoka kwathu atauzidwa kuti akubwera ku Dubai konkuno. Chinawapulumutsa n'chakuti wina analimba mtima n'kupempha thandizo pa Facebook, Pililani Mombe Nyoni ali ku America n'kuona, n'kutsegula gulu la WhatsApp. Amayi 54 anabwerera kwawo, ndipo boma la Malawi linanena kuti linawononga ndalama zoposa 160,000 za ku America pa ntchitoyi. Achinyamata 221 amene anakwera ndege kupita ku minda ya ku Israel mu November 2023 nawo anapita ndi nkhani za m'kamwa mwa ena, ndipo pofika May 2024, anthu 12 anabwezedwa atachoka m'mafamu kukafuna ntchito zina. Ku Mangochi, ku Machinga, ku Salima, ma ejenti akuyendabe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene wagona ku Deira masabata asanu ndi limodzi ndi amene angauze mng'ono wake zoona. Nkhani inali yakuti ayankhule bwanji, mutu wake n'kukhalabe pakhosi.

Lamulo la eni dziko

Choyamba tinamuuza kuti apemphe kusuntha tsikulo ndi sabata imodzi. Anachita mantha kuti mayiyo apeza wina. Tinati wofuna nkhani yako moona mtima sabata imodzi siingamuthawitse, ndipo akathawa ndiye kuti watithandiza. Mayiyo anayankha ndi mawu awiri okha: palibe vuto.

Lachisanu madzulo tinakumana pa kasitolo ka tiyi wa karak pafupi ndi msika wa masamba ndi zipatso wa ku Al Awir, anthu asanu ndi mmodzi, ndipo tinayamba ndi lamulo. Lamulo la milandu ya pa intaneti la kuno, nambala 34 la 2021, linayamba kugwira ntchito pa 2 January 2022. Kunyoza munthu kapena kumuipitsira mbiri pa intaneti, chilango chake ndi ndende, kapena faindi ya ma dirham 250,000 mpaka 500,000, kapena zonse ziwiri. Kujambula munthu kapena kufalitsa chithunzi chake iye asanalole, ndende yosachepera miyezi isanu ndi umodzi kapena faindi yoyambira pa 150,000. Ndipo pali mawu amene ife a ku Malawi amatidabwitsa: kufalitsa za munthu ndi cholinga chomuvulaza ndi mlandu ngakhale zimene mwanenazo zili zoona. Kwathu timati bola ndanena chilungamo. Kuno chilungamo chokha sichikutulutsani ku polisi, ndipo mlendo akapezeka wolakwa akhozanso kuthamangitsidwa m'dziko.

Mnyamatayu amalandira ma dirham 900 pa mwezi. Tinatenga foni n'kuwerengera: faindi yotsikitsitsa ya 250,000 ndi malipiro ake a zaka 23, osadya, osatumiza kanthu kumudzi. Tiyi anamuzizirira m'manja.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Wogwira ntchito pa famu ya munthu, woweta ziweto, wosamala maluwa, kuno amawerengedwa pamodzi ndi antchito am'nyumba, pansi pa lamulo nambala 9 la 2022. Lamuloli limapereka tsiku limodzi lopuma pa sabata, masiku 30 a tchuthi cholipidwa pa chaka, tikiti yopita kwanu n'kubwerera pa zaka ziwiri zilizonse, ndiponso ufulu wosunga wekha pasipoti yako. Madandaulo amapita ku unduna woona zantchito umene kuno amangoutchula kuti MOHRE. Arbab wa mnyamatayu, ndiye kuti bwana m'chiyankhulo cha m'mafamu muno, si munthu woipa. Ndi amene anamukonzera mapepala, malipiro sachedwetsa kwenikweni, pa Eid amapereka mbuzi. Koma pasipoti ili m'kabati yake, ndipo tsiku lopuma mbuzi sizilidziwa. Viza ya mnyamatayu yamangirira pa dzina la munthu ameneyu. Tsiku limene angamve dzina lake pa YouTube, mushkila, ndiye kuti mavuto, ayamba.

Tinagwirizana kuti nkhani ya pasipoti ili ndi khomo lake, la ku unduna, ndipo tidzagogodako mwaulemu nthawi yake ikakwana. Podcast si bwalo la milandu. Omvera adzalemba kuti pepani achimwene, ena adzaika tizithunzi tolira, koma palibe mmodzi amene adzabwere ku Al Awir kudzatsegula kabatiyo.

Masiku otsatira tinamupatsa ntchito yomvera mapulogalamu atatu akale a mayi uja, kuyambira poyamba mpaka pothera, ngakhale bandulo ithe. Osamvera alendowo, koma mwini wakeyo. Kodi amadula anthu pakamwa? Mlendo akalira amamupatsa mpata kapena amabweretsa kamera pafupi? Amene anapempha kuti dzina libisike, linabisikadi? Kenako aone tizidutswa ta masekondi 40 timene amadula n'kuponya pa TikTok ndi pa Facebook, chifukwa anthu ambiri saonera ola lonse, amaonera kachidutswako ndi mutu umene alembapo. Munthu ukhoza kuyankhula mwanzeru mphindi 59, mphindi imodzi imene unapsa mtima ndi imene idzafike kwa apongozi ako. Mnyamatayo anabwera ndi lipoti lakuti mayiyo ndi waulemu, amafunsa bwino, koma mitu ya tizidutswa take imakhala yokokomeza. Kamodzi analemba kuti "ukapolo" pamene mlendoyo sananene mawu amenewo.

Kenako tinakhala pa nkhani yeniyeniyo, ndipo apa mpamene panatenga nthawi. Munthu amene wavutika amafuna kunena zonse nthawi imodzi: ejenti, kutentha, chakudya, mnzake amene anamubera chaja, boma la Malawi, mkazi amene sakuyankha foni. Tinamufunsa kuti, mwa zonsezi, ndi chiti chimene ukufuna mng'ono wako amve? Anaganiza, n'kunena kuti: asapereke ndalama kwa munthu amene sanamuonetse kontirakiti ndi viza ya ntchito. Tinati basi, nkhani yako ndi imeneyo, zinazo ndi ndiwo. Ndipotu malamulo a kuno amaletsa kulipiritsa wantchito ndalama zomupezera ntchito, mtolo umenewo ndi wa wolemba ntchito. Ambiri kumudzi sadziwa.

Anatenga pepala la m'kope n'kulemba masiku ndi ndalama: tsiku limene anapereka gawo loyamba, tsiku limene ananyamuka pa Kamuzu International Airport, zimene analonjezedwa, zimene anapeza. Tinamuphunzitsa kusiyana kwa mawu awiri. Kunena kuti "uje ndi wakuba" ndi kuweruza, ndipo woweruzidwayo akhoza kukutengera kukhoti. Kunena kuti "ndinapereka K2.5 miliyoni, ndinalonjezedwa ntchito ya mu sitolo, ndinafika ndi viza ya mlendo, panalibe ntchito" ndi kufotokoza zimene zinakuchitikira, ndipo womvera aliyense wa mutu wake amaliza yekha. Kuseri kwa pepalalo analemba zosanena: dzina la arbab, dera la famu, mtundu wa galimoto ya bwana, chiwerengero cha mbuzi. Ndiponso anzathu amene mapepala awo anatha. Boma linapereka chikhululukiro kuyambira pa 1 September mpaka pa 31 December 2024, anthu ankapanga mizere pa ofesi ya ku Al Awir komweko kukonza mapepala kapena kubwerera kwawo opanda faindi, koma si onse anapita. Nkhani ya munthu wotere si yako yoti ukaigulitse, ngakhale usamutchule dzina. Amalawi kuno ndife ochepa, kungoti "mnzanga wina wa ku Ntaja wometa mpala" wamuloza kale.

Loweruka usiku tinachita zoyeserera. Mayi wina wa ku Dedza, amene amaphika pa nyumba ina ku Al Khawaneej ndipo pakamwa pake mpakuthwa ngati lumo, anakhala mwini pulogalamu.

"Achimwene, tiuzeni zoona, Aluya ndi anthu ankhanza eti?"

Mnyamatayo anangoti, "Eee, ena ndi ankhanza kwambiri, ngati wina wake wa pafupi ndi ife..." Tinamuimitsa. Ndi msampha umenewo, ndipo wofunsayo mwina sadziwa n'komwe kuti watchera. Kunyoza mtundu wa anthu kapena chipembedzo ndi mlandu wina waukulu kuno, komanso si zoona, chifukwa amene anamudyera ndalama ndi Mmalawi mnzake, amene anamulozera ntchito ndi wa ku Pakistan, amene anamukonzera mapepala ndi Mwarabu. Anayambiranso.

Mayi wa ku Dedza anayesa njira ina. Anafunsa funso, mnyamatayo anayankha, iye n'kungokhala duu, akumuyang'ana. Masekondi asanu asanathe, mnyamatayo anayamba kudzaza chetecho ndi zonse zimene analemba kuseri kwa pepala. Ife Amalawi chete timamuopa, timaona ngati ndi mwano kusiya munthu wamkulu akudikira. Tinamuuza kuti ukamaliza yankho, tseka pakamwa, chete ameneyo ndi wa mwini pulogalamu, adziwa yekha chochita naye. Ndipo anabwereza kakhumi mawu awa mpaka anasiya kuchita nawo manyazi: "Pepani achemwali, zimenezo sindiyankha."

Za foni ndi malo sitichedwapo. Kuimbirana pa WhatsApp kuno n'kotsekedwa, mawu ojambula okha ndi amene amadutsa, choncho anagwirizana za Zoom, ndipo anaiyesa tsiku lapambuyo pake ndi mnzake. Intaneti ya bwana ayi, bandulo yake. Kamera ikayaka, kumbuyo kukhale khoma loyera, osati geti, osati nambala ya galimoto, osati mnzako akudutsa ndi thawulo. Foni isakhale padzuwa chifukwa m'July imatentha n'kuzima yokha. Koma pa nthawi tinatsala pang'ono kugwa. Mayiyo analemba kuti 1 koloko masana, ndipo mnyamatayo anakondwa, poti kuyambira pa 15 June mpaka pa 15 September boma limaletsa makampani kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko, ndipo arbab wake amatsata zomwezo. Bambo wina wa ku Chipata ndi amene anafunsa kuti, 1 koloko ya kuti? Dubai ili patsogolo ndi maola awiri kuyerekeza ndi Johannesburg ndi Lilongwe. Ikamakwana 1 koloko ku Joni, kuno ndi 3 koloko, nthawi yotsegulira mbuzi. Anasintha kukhala 11 koloko ya kumeneko.

Panatsala khomo limodzi, la kumudzi. Nkhaniyi si ya mnyamatayu yekha. Dimba limene linagulitsidwa linali la mayi ake, wa katapila amakhala mudzi womwewo, ndipo ejenti uja ali ndi abale pa msika wapafupi. Tinamuuza kuti awafunse. Mayi ake anatumiza mawu m'Chiyao, iye n'kutimasulira. Anati ayankhule, koma asatchule mudzi, ndipo asanene kuti banja lili pa ngongole mpaka pano, chifukwa mlongo wake ali pa chitomero. Ife sitikanaganiza zimenezo. Zinalembedwa kuseri kwa pepala.

Lamulungu, 1 koloko

Anakhala m'kachipinda kosungira zakudya za mbuzi, chitseko chotseka, makina oziziritsa atazimitsa kuti asasokose, thukuta lili kamukamu. Mmodzi wa ife anakhala pa thumba pakona, ndipo mnyamatayo anamuuza mayiyo poyamba pomwe kuti ali ndi mkulu wake m'chipindamo. Atapatsana moni, mayiyo asanafunse kanthu, iye anayamba.

"Achemwali, ndisanayambe, kodi panopa mukujambula?"

Kunakhala kachete. Kenako mayiyo anaseka mwamanyazi, n'kunena kuti makina ake amayamba okha kujambula foni iliyonse kuti asaiwale zimene akambirana, ndipo anali asanaganizepo zoti n'kofunika kunena. Anazimitsa, n'kulonjeza kufufuta. Sitikuganiza kuti anali ndi chiwembu. Koma mphindi 20 za munthu womasuka, amene akuona ngati akungocheza, zikanakhala mu kompyuta ya ku Johannesburg mpaka kalekale.

Anamufotokozera nkhani yake mwachidule, monga momwe inalili pa pepala, ndipo mayiyo anaikonda. Kenako anabwera ndi zofuna zake. Amafuna nkhope ioneke, chifukwa anthu sakhulupirira mawu opanda nkhope. Amafuna mnyamatayo ayende ndi foni kuonetsa khola, mitengo ya tende ndi pogona. Amafunanso dzina la ejenti, kuti ena asaberedwe. Pa zitatu zonsezi mnyamatayo anakana, ndipo pa chachitatu mawu ake ananjenjemera, poti mumtima mwake dzinalo amafuna atalikuwa pa phiri. Anati dzinalo akhoza kulipereka kwa apolisi ndi ku unduna wa zantchito kwathu, ndi malisiti ake, koma osati pa YouTube iye ali kuno, mayi ake ali komweko.

Ndiye inafika nthawi yake yofunsa, akuwerenga pa pepala. Pulogalamuyi imapita yamoyo kapena mumayamba mwakonza? Ndingaimvere isanatuluke, n'kuchotsa pamene ndalakwitsa? Tizidutswa ta pa TikTok amadula ndani, ndipo mutu wake ndingauone? Mudzanditchula dzina lanji? Mudzanena kuti ndili kuti? Pali amene amalipira pulogalamuyi, ndipo pakati pawo palibe ma ejenti otumiza anthu kunja? Funso lomalizali mayiyo anati palibe anamufunsapo, koma ndi lofunika, chifukwa zikhoza kutheka nkhani yako yochenjeza anthu n'kudulidwa pakati ndi malonda a ntchito za ku Dubai.

Mayiyo anavomera mawu okha opanda nkhope, dzina longopeka, ndi kunena kuti "ku Gulf" m'malo mwa Al Awir. Anavomera kutumiza pulogalamu yonse ndi mitu ya tizidutswa isanatuluke. Ndalama anati salipira alendo, kupatula kubweza ya bandulo. Ndipo pa funso lakuti ngati zitavuta angaichotse, anayankha kuti pa tsamba lake akhoza, koma ikangotuluka anthu amakopera, ndipo sangalonjeze chimene sangathe. Kunena zoona, yankho limeneli ndi limene linatikhazika mtima pansi kuposa ena onse. Akanati musadandaule achimwene, zonse zili m'manja mwanga, tikanamuuza mnyamatayo kuti azimitse foni. Mnyamatayo anapempha kuti zimene agwirizanazo azilembe pa WhatsApp, ndipo zinafika madzulo omwewo. Foni ya mphindi 20 inatenga mphindi 35.

M'gulu mwathu si onse anakondwa. Anyamata ena akuti tamusandutsa mnzawo wamantha, kuti nkhani yopanda dzina ndi nkhope ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo ejenti uja apitiriza kudya za anthu. Sitinganene kuti akunama. Bambo wa ku Chipata uja akuti ife tikudzinamiza mbali inayo, chifukwa mawu a munthu ndi nkhope yakenso, ndipo aliyense wa ku Mangochi amene anasewera naye mpira adzamuzindikira pa moni pomwe. Nayenso akunena zoona. Walira mvula walira matope. Chimene tinakwanitsa ndi chakuti matopewo awaone yekha asanapondemo, ndipo asankhe yekha, osati asankhiridwe ndi chisangalalo cha Lachinayi usiku.

Inu a kumudzi, ndi inu a m'mafamu a ku Limpopo, ku Western Cape ndi ku Israel amene mumawerenga tsamba lino, gawo lanu ndi ili. Ikadzatuluka, mukamuzindikira, musalembe pansi pake kuti "ameneyu ndi mwana wa achemwali anga, ali ku Dubai pa famu ya mbuzi". Musaike chithunzi chake pofuna kumunyadira. Zonse zimene tinabisa masiku khumi, azakhali amodzi okondwa akhoza kuziulula ndi chala chimodzi.

Kujambula kwenikweni akuti kudzachitika mu October, kukayamba kuzizira, ntchito ya tende itatha. Mnyamatayo wapempha kuti pulogalamuyo idzakhale m'Chichewa, osati m'Chingerezi monga momwe mayiyo amafunira poyamba, chifukwa amene akufuna kuti amve ali pa siteji ya kabaza, osati ku London. Pepala lija walipinda kanayi, lili m'kachikwama pamodzi ndi Emirates ID yake. Mng'ono wake njinga ija sanagulitsebe, koma akuti ejenti wamuimbiranso kawiri sabata ino, ndipo watsitsa mtengo kufika pa K2 miliyoni.